Foni ya Pakhonde la Apongozi

Zakeyu Namakhwa anakwezedwa pantchito katatu chimanga chisanache. Kunyumba mkazi wake Vailet anasiya n'kufunsa komwe kuti lero ndinu ndani.

Kampaniyo inkatchedwa Halo Halo. Amene anaiyambitsa mu 2003 ndi a Reinford Kadzuwa, munthu wokulira m'tauni, amene anasiya ntchito yamuofesi pa esiteti ina ya tiyi n'kugula foni yapatebulo yopanda waya, batire la galimoto ndi ambulera yachikasu. Anaziika pageti la fakitale. Othyola tiyi ankatsitsa madengu n'kufola kuti amve mawu a ana awo a ku Limbe ndi ku Joni. Zakeyu, amene kale ankayeza masamba pasikelo, ndiye anali woyamba kulembedwa, ndipo ntchito yake inali yogwira wotchi munthu akamalankhula.

Mvula isanathe maambulera achikasu anali atamera pageti lililonse ngati bowa. Ofesi inali kachipinda kuseri kwa golosale ku Makwasa. Misonkhano ya Lolemba ankachita chiimire chifukwa mipando yonse inali itapita kumatebulo atsopano. Anthu ankalembedwa ntchito mofulumira moti bambo wina anangobwera kudzaimbira mlamu wake, n'kubwerera kwawo atavala malaya achikasu ali opareta. Palibe ankadziwa mayina a anzake onse. Aliyense ankathamanga, aliyense ankaseka, ndipo a Reinford ankalankhula za Mulanje ndi Luchenza ngati ndi kuseri kwa nyumba. Zakeyu anachoka pa wogwira wotchi, n'kukhala opareta, kenako supavaiza, kenako manijala wa chigawo chakummwera, n'kupatsidwa njinga yamoto. Ankaipukuta ndi mpango wake wam'thumba.

Lolemba lina a Reinford anagogoda pakhoma kuti anthu akhale chete.

"Khonjeni tikutsegula Lachisanu, tsiku lamalipiro. A Namakhwa, ndi dera lanu. Opareta ndamupeza kale, mukamuphunzitse. Likapanda kutsegulidwa tebulo limenelo, njinga ndi udindo zipita kwa Edson."

Edson, supavaiza wa matebulo a ku Makwasa, anayang'ana makiyi amene anali m'manja mwa Zakeyu n'kumwetulira.

"Opareta wake ndani, bwana?" anafunsa Zakeyu.

"Mayi ena odalirika, a Enid Muhiwa. Netiweki pamsika ponsepo imagwira pakhonde pawo pokha. Ndiponso ndi mtsogoleri wa amayi kutchalitchi, aliyense amawadziwa."

"Bwana, amenewo ndi apongozi anga."

"Ndiye zakhala bwino, mumadziwana."

M'chipindamo anthu anaseka mpaka wina anatsamira chitseko. A Reinford okha ndiwo sanamve chimene chinali kuseketsa.

Nkhani yake inali iyi. Chikwatirireni Vailet n'kumanga nyumba pamudzi pa akazi, Zakeyu anali asanayang'anepo mayi Enid kumaso, ngakhale kulankhula nawo mwachindunji. Ndiwo mwambo wakwawoko, mkamwini ndi apongozi amapewana. Akakumana panjira, wina ankapatukira m'chinangwa. Zonse zinkadzera mwa Vailet. Koma Vailet tsopano anali kuchidikiro kuchipatala cha mishoni, pathupi patakula.

Zakeyu anapita kukamuona n'kumufotokozera. Vailet anagwira mimba ndi manja onse awiri, akuseka.

"Musandiseketse, bambo a Chiso, ndingachirire pompano. Inuyo kuphunzitsa amayi? Mukaima kuti?"

"N'zimene ndabwerera. Ndichite bwanji?"

"Si inu manijala? Kamanijeni."

Zakeyu anayesa kupempha Edson kuti asinthane dera kwa sabata imodzi.

"Palibe vuto, achimwene," anatero Edson. "Mungondisiyira makiyiwo."

Lachinayi m'mawa Zakeyu anamangirira foni, tebulo, batire ndi ambulera panjinga n'kutsetsereka kupita ku Khonjeni. Nyumba ya mayi Enid inali m'mphepete mwa msika, moyang'anana ndi chigayo. Atamva njinga, mayiwo analowa m'nyumba. Zakeyu anakonza zonse pakhonde, analumikiza batire, n'kuimbira kafoni kake kam'thumba kuti aone ngati netiweki ikugwira. Inagwira. Kenako anatembenuka, n'kuyang'ana kumsewu, n'kutsokomola.

Chitseko chinatseguka. Mayi Enid anakhala pampando atalozetsa nkhope kukhoma.

"Khoma iwe," anatero, "uwauze alendo kuti thobwa lili pawindo."

"Msewu iwe," anayankha Zakeyu, "uwathokoze amayi. Uwauzenso kuti anyamule chomvera, adine batani lobiriwira."

"Khoma, obiriwira alipo awiri."

"Lakumanja."

"Kumanja kwa ndani? Tafulatirana."

Anthu amene ankapita kuchigayo anayamba kuima. Mayi wina anatula thumba lake la chimanga n'kulikhalira kuti aonerere bwino. Dzuwa linakwera. Mayi Enid anazimitsa foni, anaiyatsa, anasintha chilankhulo chake kukhala Chifalansa, ndipo Zakeyu anachita kubwerera chammbuyo, dzanja lili kumsana ngati wakuba, kuti aikonze. Pofika masana anali asanaimbe ngakhale nambala imodzi. Zakeyu anauza msewu kuti akukamwa madzi, n'kupita kuseri kwa chigayo. Anakhala pamwala, chipewa chili pabondo. M'maso mwake ankangoona Edson ali panjinga.

Kafoni kake kanalira. Anayankha osayang'ana n'komwe.

"Halo Halo, Zakeyu Namakhwa."

"Ii. Ndani ameneyo?"

Zakeyu anaimirira, n'kugwada pomwepo pafumbi la gaga. Mayi Enid anali atadina batani lobwereza nambala yomaliza.

"Ndine, amayi. Pepani. Ndidula."

"Dikirani. Muli kuti?"

"Kuseri kwa chigayo."

"Mukundiona?"

"Ayi, amayi."

"Inenso sindikukuonani." Mawu aja tsopano anali atamasuka. "Anamkungwi anatiuza za panjira, za pakhomo, za pachitsime. Za foni sananene. Inu anakuuzani?"

"Sanandiuze."

"Ndiye tikuvutikiranji? Tandiuzani za mabatani anuwa, ndili ndi nyemba pamoto."

Zinangotenga kanthawi kochepa. Mayi Enid anagwirapo ntchito zaka zambiri kumalo olerera ana a pa esiteti, sanali munthu wouzidwa kawiri. Anaphunzira kuimba, kudula, kuyambitsa wotchi munthu wakutsidya akangoyankha, ndi kulanda chomvera mwaulemu kwa amene sakufuna kutsanzika. Zakeyu ankayenda uku ndi uku kuseri kwa chigayo, akukupiza dzanja, gaga ali mbuu m'maondo.

"Basi mwatha, amayi. Mawa tikutsegula."

"Ine sindinathe. Zaka zonsezi ndakhala ndi mawu. Choyamba, khola la nkhuku munamangalo lapendekeka. Chachiwiri, mwana uja Chiso mumamupatsa shuga wambiri. Chachitatu, kutchalitchi nyimbo ya fifite-naini mumaiyamba pamwamba kwambiri, amayi a kumbuyo timavutika."

"Mukanauza Vailet, amayi."

"Ndinkamuuza. Amasefa ameneyo. Komanso nsomba zija munabweretsa pa Khirisimasi zinali zabwino, sindikudziwa ngati anakuuzani."

"Sanandiuze."

"Mwaona."

Zakeyu anaseka mpaka mwini chigayo anasuzumira kuti aone ngati wamisala walowa kuseri. Kenako anakumbukira mayunitsi a kampani, n'kupempha apongozi ake kuti zotsalazo azisungire mawa.

Lachisanu mzere unayambira pakhonde kukafika pa okonza njinga. Anthu ena analibe n'komwe wowaimbira, anangobwera kudzaona tebulo la mkamwini ndi apongozi. Mayi Enid anavala malaya achikasu pamwamba pa chitenje, wotchi ili m'khosi. Chikawavuta ankaimbira kuseri kwa chigayo, kumene manijala anali atadziikira benchi.

A Reinford anafika masana pagalimoto yobwereka, ali ndi munthu wojambula zithunzi. Anayang'ana mzerewo, n'kuvula magalasi, n'kuwavalanso.

"Manijala wanga ali kuti?"

"Ali muofesi," anatero mayi Enid, akuloza chigayo.

Anamupeza Zakeyu pabenchi paja, foni ili kukhutu. Zakeyu anafotokoza zonse mwachidule. A Reinford anamvetsera kukamwa kuli yasa.

"Ndiye mwaphunzitsa opareta osamuona?"

"Inde, bwana."

"Mukudziwa petulo amene tingapulumutse? Changata mutsegule sabata yamawa, muchite chimodzimodzi. Edson ndimuuza aiwale za njinga." Anamukoka dzanja. "Tiyeni, ndikufuna chithunzi. Manijala ndi opareta pamodzi, tikapachike muofesi."

"Bwana, pamodzi sizingatheke."

Anakangana pang'ono, anthu a pamzere n'kulowererapo, aliyense ndi nzeru zake. Pomaliza anagwirizana. Tebulo linakhala pakati. Mayi Enid anaima mbali ina atayang'ana kumsika, chomvera chili kukhutu. Zakeyu anafika chammbuyo, akutsogoleredwa ndi wojambula, n'kuima mbali inayo atayang'ana kuchigayo. A Reinford anati pachithunzi pazioneka kuti akulankhulanadi, choncho mayi Enid anaimba, Zakeyu n'kuyankha.

Wojambula anagwada, n'kutseka diso limodzi.

"Bambo a Chiso," anatero mawu m'khutu mwa Zakeyu, "wongokani. Mwapinda msana ngati mukuthyola tiyi. Ndipo kolala yakumanzere yapindikira m'kati."

Zakeyu anagwira kolala. Inalidi yopindika.

"Mwadziwa bwanji, amayi, poti simukundiona?"

"Mumayesa zaka zonsezi ndinalibe maso? Sekererani, akujambula."