Evaristo Akugulabe Mtedza

Natalia anafika ku Nambuma Lachisanu, kuti mawa lake akhalepo posudzula mlamu wake Felista. Chaka chinali chitatha chimwalirire Evaristo, mchimwene wa Natalia, ndipo akuchimuna anagwirizana zomumasula mkaziyo. Jonasi wokonza njinga anali akudikira kuti adzafunsire.

Felista ankaswa mtedza pakhonde, mwana wake Limbani ali kumbuyo, pamene Natalia anatsegula laputopu.

"Alamu, taonani za ku koleji. Tikuphunzira kayendedwe ka katundu, kuchoka kwa mlimi mpaka kusitolo. Aphunzitsi anati tipange anthu a m'kompyuta, a AI, oti tizinenerera nawo mitengo. Wina mlimi, wina wa lole. Ine ndinapanga venda. Tamugulitsani mtedza wanuwo."

"Muuzeni ulipo, wouma."

Natalia analemba. Yankho linabwera, iye n'kuwerenga mokweza: "Wouma mwatero inu. Taulumani kaye, ndimve kulira kwake. Wonyowa sindikweza, ngakhale wa mayi anga."

Felista anasiya kuswa. Mawu amenewa ankawamva tsiku lililonse, Evaristo akugula mtedza pa sikelo ya ku Nsaru.

"Mwawatenga kuti?"

"Mu foni ya achimwene. Paja pogawa katundu inagwera ine. Mauthenga awo onse a geni ndinalowetsamo. Kalasi yonse imawakonda, alamu. Palibe amene anawapusitsapo."

"Ndiye amagula tsiku lililonse?"

"Ndi makina chabe, inu."

"Makina amadziwa mayi awo?"

Natalia anaseka pang'ono, n'kusiya.

Felista anapukuta manja pachitenje, nakoka laputopuyo. Analemba ndi chala chimodzi, pang'onopang'ono: Bambo a Limbani, mawa akundisudzula.

Yankho silinachedwe. "Chabwino, mayi. Koma lole ifika liti? Ndakhala pano nthawi yaitali, palibe wobwera kudzanditenga."

Mwana anatakataka kumbuyo. Felista anatembenukira kwa Natalia.

"Fufutani."

"Sindingathe panopa. Mayeso athu ali pa iyeyu. Komanso anzanga anakopera kale."

Felista anatseka laputopuyo ndi manja onse awiri, monga amatsekera chitseko mwana akagona. Anaimirira, namangitsa chitenje.

"Kawauzeni amalume anu asavutike, mawa kulibe mwambo. Tinameta, tinagawa zovala, koma munthu simunamugoneke. Mukadzamuwerutsa ntchito, mudzandiitane."

"Nanga a Jonasi?"

"Adikira. Sindingalowe m'nyumba ina, mwamuna wanga akudikira lole."