Mpando wa Pazenera

Tsamba la pa intaneti la kampani ya sitima linati mpando wanga lausunga kwa mphindi zochepa, ndipo pakona kawotchi kanayamba kuwerenga chobwerera m'mbuyo. Ndinali pabedi m'chipinda cha hotela, laputopu pamiyendo, pasipoti nditaipanikiza ndi chigongono kuti isatsekeke. Dzina ndinalemba, mpando wa pazenera ndinasankha, nambala ya khadi ya kubanki ndinalowetsa. Kenako panatuluka kabokosi kofuna nambala yachinsinsi imene banki yatumiza ku foni yanga.

Foni inali zii. Ndinaigwedeza ngati wailesi yakutha mabatire, ndipo m'pamene ndinakumbukira. Simu khadi yakwathu ndinaisiya m'kafoni kakale, pakabati ya kuchipinda kwa amayi, kuti achipatala akaimba azipeza munthu.

Amayi anachita sitiroko chaka chomwe ukwati wanga unatha, ndipo abale anaona ngati Mulungu wakonza yekha zinthu: wopanda banja abwerere kunyumba. Kuyambira pamenepo ndine ndinkawasambitsa, kuwatembenuza, kuwasintha thewera ndisanapite kuntchito, n'kuthamanganso masana kukawamwetsa mankhwala. Mutu wawo unayamba kutaya zinthu pang'onopang'ono, koma ine sunanditaye. Akafuna madzi ndine, akaopa chithunzithunzi cha katani ndine.

Kampani yosindikiza mabuku imene ndimagwirako itanditumiza kunja kukaphunzira makina atsopano, mng'ono wanga anavomera kudzagwirizira. Timamutchula Dona, chifukwa kuyambira ali mwana amatsuka mbale ndi nsonga za zala. Anasiya saluni yake m'manja mwa antchito, ana n'kuwasiyira bambo awo, atandilumbiritsa kuti Loweruka ndidzakhala nditafika. Chimene sindinamuuze n'chakuti abwana anatilola kusuntha tsiku la ndege, ndipo ine ndinali nditasuntha kale. Sindinkafuna kuona kanthu kwenikweni. Pamapu ndinangosankha njanji yaitali kuposa zonse, yodutsa m'mapiri, kuti ndikhale pansi tsiku lathunthu popanda wondiitana.

Ndinamuimbira.

"Dona, tatenga kafoni kali pakabati. Kalowa uthenga wa kubanki, undiwerengere nambala."

"Moni kaye, achemwali. Kapena kunjako anakulandani moni pabwalo la ndege?"

"Pepa. Mwaswera bwanji? Koma fulumira, zili ndi nthawi."

"Manja anga ali ndi sopo. Mayi anuwa andilavulira phala m'tsitsi lomwe ndinaluka dzana." Ndinamva beseni likukhululuzika pansi, kenako mabatani a kafoni. "Apa alemba kuti mukulipira tikiti ya sitima. Ya Lamlungu. Inu Lamlungu mukhala kuno."

"Ndimati ndikuuze. Ndisuntha pang'ono, ndifika Lachitatu."

"Maphunziro awonjezera?"

Bodza linali pafupi, lopsa kale, longofuna kuthyola. "Ayi. Ndikufuna ndikapitidweko mphepo."

Asanayankhe kunamveka kugwa kwa chinthu, kenako mawu a amayi, kulira kwawo kopyapyala kuja kokhala ngati kwa mwana wa mphaka. Dona anaponya foni pabedi. Ndinamva akuti, "Gwirani khosi langa, amayi, musagwire katani," ndipo ndinadziwa kuti atsetsereka pampando wosambira, chifukwa mwendo umodzi wa mpandowo umafuna kuuponda pousuntha, ndipo zimenezo sindinamuuze. Ndikanatha kufuula kuti awagwire m'khwapa, osati m'manja. Koma maso anga anali pa kawotchi. Amayi ankalira kutsidya kwa dziko, ine ndikuwerenga nawo manambala ofiira aja mpaka anatha, tsamba n'kundiuza mwaulemu kuti mpando wabwezedwa.

Dona atatolanso foni ankapuma mwabefu.

"Sanavulale. Achita mantha chabe."

"Ndisiya, Dona. Ndibwera Loweruka lomwelo."

"Mwasiya chifukwa mwafuna, kapena chifukwa nambala yapsa?"

Ndinachotsa chigongono, pasipoti n'kutsekeka.

"Yambiraninso," anatero. "Mukabwera Loweruka nkhope ili ngati mwamwa mankhwala owawa, ndidzakhala ndi odwala awiri. Koma musadzanene kuti ndinakutumani ndine. Bambo a ana ndiwauza kuti makina akuvutani mutu."

Ndinayambiranso. Mpando unali ukadalipo. Uthenga wachiwiri utalowa anandiwerengera nambala imodziimodzi, mwa mawu ouma ngati wolengeza za maliro, ndipo ine ndinkalemba. Tikiti inafika pa imelo, ili ndi dzina langa ndi kachizindikiro ka zenera. Pamene ndinkati zikomo n'kuti atadula kale.

Lamlungu m'mawa ndinali pasiteshoni, chikwama chaching'ono kumsana. Kondakitala anaunika foni yanga ndi kamakina kake, n'kundilozera bogi. Mpando unali wofewa, katebulo kotsitsa patsogolo, moyang'anana nane gogo wina wa tsitsi loyera akusenda lalanje yekha, ndi manja akeake. Ndinapezeka ndikuyang'anitsitsa m'mene akumezera, kudikira kuti atsamwe.

Sitima inatuluka mumzinda, inadutsa kuseri kwa mafakitale, minda, mitsinje. Palibe anandiitana. Ndinagula khofi ndi kabanzi kotsekemera, ndinavula nsapato, ndipo ndinene zoona, ndinakondwa. Chikondwererocho chinkabwera ngati nseru, ndikachikankhira pansi n'kubweranso. Dzuwa litafika pamutu thupi langa linadzidzimuka lokha, miyendo n'kufuna kuimirira: nthawi ya mankhwala. Ndinaimba pa vidiyo.

Dona anaimika foni pakabati, moti ndinkaona chipinda chonse. Bedi analisunthira pafupi ndi khomo. Amayi anali atakhala motsamira mapilo, tsitsi lawo lomwe ine ndinkangolimeta litalukidwa timizere tosalala, milomo yopakidwa mafuta. Dona anali atawenga zikhadabo zake zonse.

"Amayi, onani, mwana wanu ali m'sitima," anatero, akuloza foni ndi supuni.

Amayi anayang'ana. Ndinakweza dzanja, ndinamwetulira, ndinawafunsa ngati agona bwino. Anandiyang'ana m'mene amayang'anira owerenga nkhani pa wailesi ya kanema, kenako anatembenukira kwa Dona, n'kumugwira mkono ndi dzanja lawo lamoyo lija.

"Kachiwala," anatero, "mayiyu akufuna chiyani?"

Kachiwala ndine. Anandipatsa dzinalo ndili wamng'ono chifukwa cha miyendo yanga, ndipo m'nyumba mwathu palibe wina analiyankhapo. Dona anaima supuni ili m'malere. Kwa masiku onsewa, ndinazindikira, wakhala akuchapa, kunyamula ndi kulavuliridwa pansi pa dzina la munthu wina, ndipo sanandiuze.

"Akungopereka moni, amayi," anatero. Anayang'ana mu kamera, osakwiya, osaseka. "Ndili pompano. Yasamulani."

Amayi anayasamula.

Ndinkati ndinene kanthu, koma sitima inalowa m'phanga lobooledwa m'phiri, netiweki n'kuduka. Chithunzi chinauma: Dona atawerama, supuni ili pamilomo ya amayi, kachidutswa ka phala pachigongono chake. Pazenera panada, ndipo m'galasimo munali mayi wina wovula nsapato, shuga wa banzi ali pachibwano. Tinayang'anana naye mpaka mdima unatha.

Titatulukira mbali inayo kuwala kunandilasa m'maso. Mapiri anali oyera mbee kuyambira pansonga mpaka pakati, pansi pake nyanja yaing'ono yobiriwira, yosagwedezeka. Gogo uja anandigwira bondo n'kuloza panja, akulankhula chinenero chake. Timizere ta netiweki tinabwerera, ndipo foni inafunsa ngati ndikufuna kuimbanso.

Ndinapukuta galasi ndi mkono wa juzi, ndinakweza foni, n'kujambula phiri.