Msomali mu Paipi ya Buleki

Pikiapu ya a Jaffu inalowa pa galaja ya a Zakeyu itapendekeka, tayala lakumbuyo litaphwa. Inanyamula amayi khumi ndi awiri ovala chitenje chofanana, madengu a ufa ndi nkhuku zomanga miyendo. Ankapita ku Thambani ku chinkhoswe cha mwana wa mayi Rozina, ndipo mwambo unkayenera kuyamba dzuwa likafika pamutu.

Galimotoyo inkadziwika kwa Kanduku konse. Mwini wake anaichotsa ekiselo yakumbuyo, chitsulo chogwira matayala, n'kuikamo ya lole, anawonjezera masipuling'i, naiveka matayala aatali kuti izikatenga manachesi kumapiri ngakhale m'nyengo ya matope.

"Madala, tangomatani msanga," anatero Petro, dalaivala wake. "Amayiwa andiboola makutu chiyambire m'mawa."

A Zakeyu anakweza jeke, namasula tayala. Pofuna kuimirira anatsamiza chikhato pa dilamu ya buleki, n'kupeza ili yozizira. Galimoto yoti yangotsika zitunda itadzaza anthu, chitsulo chimenecho chimayenera kuotcha. Anayala thumba, nalowa pansi chagada, natsata paipi ya mafuta a buleki mpaka pa ekiselo. Pamenepo paipi inali yodula, kukamwa kwake atakhomamo msomali kuti mafuta asadutse.

Anatuluka, napukuta manja pang'onopang'ono.

"Petro, msomaliwu unakhoma ndiwe?"

"Anakhoma amene anamanga ekiselo. Paipi ya pikiapu sinkalowa bwino pa chitsulo cha lole, ndiye mafuta ankadontha. Ambiri amatero, madala. Mabuleki akutsogolo akugwira bwinobwino."

"Akugwira ukanyamula manachesi. Manachesi akagubuduka timatola."

"Ine ndimatsika ndi giya wani. Zaka zitatu, munamvapo kuti ndagunda ngakhale mbuzi?"

"Sindinamvepo. Umayendetsa bwino, n'chifukwa chake ukadali moyo."

Mayi Rozina anatsika akukonza duku. "A Zakeyu, tikuchedwatu. Akuchimuna akakapeza mayi wa mwana kulibe, adzati banja lathu ndi lachibwana."

"Mayi, kutsogoloku kuli chitunda chija chokhotera pamlatho. Galimotoyi ikuima ndi matayala awiri okha, chonsecho kulemera konse kuli kumbuyo komwe mwakhala inuko. Tayalali sindibwezera ndisanalumikize paipi. Ndipatseni ola limodzi."

"Ola!" anakuwa mayi Liness ali pamwamba. "Petro iwe, umatipititsa ku chinkhoswe kapena ku maliro?"

"Ku maliro simukanavala chonchi, mayi," anayankha Petro, koma sanaseke.

Mayi Rozina anayang'ana dzuwa, nayang'ana anzawo. "Konzani," anatero. "Amayi, tsikani mukhale pamthunzi."

Kuseri kwa galaja kunali lole yakufa. A Zakeyu anamasulako paipi yake pamodzi ndi cholumikizira, naidula, naifutukula kukamwa ndi chitsulo chosongoka mpaka inakhala bwino pa paipi ya pikiapu. Kunatsala kutulutsa mpweya umene unalowa m'mapaipi. Petro anaima kutsogolo ndi botolo la mafuta, ndipo panafunika wina wokhala pa mpando wa dalaivala.

"Mayi Rozina, kwerani. Pondani chopondera chapakaticho katatu, kachitatuko musasiye."

"Ngati makina osokera?"

"Chimodzimodzi, koma ndi mphamvu."

Anaponda. Pansi a Zakeyu anamasula kanati, mafuta n'kutuluka ndi thovu, namanganso. Anabwereza tayala ili, kenako linalo, mpaka thovu linatha.

"Chaumatu ichi!" anatero mayiwo. "Sichikutsikanso!"

"Ndiye zatheka."

Atamata tayala n'kulibwezera, a Zakeyu anauza Petro kuti athamangitse galimoto pabwalopo kenako aponde. Inaima nthawi yomweyo, osapotoka, matayala onse anayi atakanda dothi.

A Zakeyu anatseka galaja n'kukhala kutsogolo kwa pikiapu kuti amve okha mmene itsikire. Pachitunda amayi anasiya kuimba. Petro anaika giya wani, naponda pang'ono, galimoto n'kumvera. Inakhota pamlatho mosafulumira, ndipo kutsidya mayi Liness anayambitsanso nyimbo.

Anafika dzuwa litapendeka. Akuchimuna anali atakhala kale pa mabenchi, nkhope zili gwa. Nkhoswe yakuchikazi inathamangira ku galimoto.

"Alongo, mwatichititsa manyazi. Anthuwa amafuna kunyamuka!"

Mayi Rozina anatsika, nasasa fumbi pa chitenje, nakagwada pamaso pa alendowo.

"Pepani, tachedwa. Timakonzetsa mabuleki, ndipo ndapopa ndekha. Tafika tonse khumi ndi awiri."

Mkulu wa akuchimuna anawayang'ana kanthawi, kenako anasuntha chipewa chake pa benchi.

"Khalani, mayi. Mwambo uyambe."