Chitini Chachisanu

Koma si kuti Boon Leong analakwa kumutenga Yoke Lan, ayi, mlongo wake wamng'onoyu anangofuna kuti asanapite ku opaleshoni ya mtima Lachinayi akaonenso nyanja ya ku Morib kumene ankapita ali ana, ndipo Yoke Lan, yemwe anali atakana ulendo umenewu kwa zaka makumi asanu ndi limodzi, ulendo uno anasowa chokanira. Anakhala kutsogolo, chikwama chili pamiyendo, akuyang'ana mizere ya kanjedza wamafuta imene inadya nkhalango yonse ija.

Anali maulendo a anthu osauka, kawiri pachaka: basi yonunkha nsomba zouma, mphasa yopindapinda, bambo atavala malaya awo oyera amodzi omwewo, amayi atakumbatira zitini za mpunga. Madzi a ku Morib ndi amatope, aliyense amadziwa, koma Yoke Lan ankasangalala mpaka kulira. Bambo, amene anapulumuka nkhondo ya Ajapani ali mafupa okhaokha, ankapinda buluku mpaka m'mawondo n'kuima m'madzi ola lathunthu. Imeneyo inali nthawi ya nkhondo inanso, ya m'nkhalango, mudzi wawo uli mumpanda wa waya waminga, apolisi akusecha chakudya pachipata kuti chisakafike kwa anyamata a m'tchire.

Pa ulendo ankakhala anayi, koma zitini zinali zisanu. Chachisanu, amayi ankatero, n'cha Datuk, mzimu wa kakachisi kofiira ka pamphambano pamene ankasinthira basi. Popita ankachisiya, pobwerera ankachipeza chopanda kanthu, chotsukidwa bwinobwino. Za achimwene awo aakulu, Teck Hin, ana ankauzidwa kuti ali ku Singapore, akugwira ntchito padoko.

"Achemwali, mwagona?"

"Yang'ana msewu, iwe. Ukufuna tife dokotala asanakugwire n'komwe?"

Boon Leong anaseka, n'kuyamba kufotokoza za nkhanu zimene ankathamangitsa pamchenga. Anali ndi zaka zinayi, akanakumbuka chiyani china? Yoke Lan ndiye anali ndi zisanu ndi zitatu, kamwa ngati wailesi, wonyadira kudziwa zinthu, ndipo m'mawa wina pachipata wapolisi wachinyamata atawerenga zitini n'kufunsa mwanthabwala kuti chinachi n'cha ndani, iye anayankha amayi asanatsegule pakamwa: n'cha Datuk, amamaliza chonse, makamaka nkhumba ndiye amaikonda zedi. Wapolisiyo anaseka, anam'patsa switi, anawalola kudutsa. Koma ndani sadziwa kuti Datuk, pokhala mzimu wachisilamu, sadya nkhumba, kuti ngakhale wopita kukapempha madalitso amayamba waisala? Mwana yekha ndiye sadziwa.

Amayi anachisiyabe chitinicho — akanatani, mwana wawo Teck Hin atadikira miyezi isanu ndi umodzi m'tchire? — ndipo madzulo pobwerera panalibe chitini, panali mapazi a nsapato za asilikali m'matope. Maulendo anathera pomwepo. Patapita miyezi anauza oyandikana nawo kuti Teck Hin wafa ndi malungo ku Singapore, maliro opanda mtembo. Amayi sanam'menye Yoke Lan, sanam'kalipire, sanaitchulepo nkhaniyo mpaka imfa yawo, ndipo ichi ndi chimene chinam'pweteka kwambiri, chifukwa chikwapu chimatha koma kukhala chete sikutha. Mwina wapolisiyo anaiwala asanafike ndi masana omwe, mwina ankawatsatira kale, mwina wina anaulula — zonsezi anali ataziyeza kambirimbiri, koma switi ija anaidya, anaimva kukoma, ndipo zimenezo sakanazikana.

Tsono amuuze Boon Leong? Munthu wa mtima wofooka, masiku atatu asanagone pansi pa mpeni, umulande nyanja yake ndi nkhanu zake, umuuze kuti maulendo amene amafotokozera adzukulu ake anali njira yopititsira mpunga kwa munthu wobisala, ndipo amene anam'pereka munthuyo wakhala pambali pakepa? Koma akapanda kudzuka Lachinayi, adzakhala atapita osadziwa, ndipo Yoke Lan adzatsala nazo yekha padziko. Anachita mantha, mantha odekha a munthu wokalamba.

Galimoto inachepetsa liwiro. Kakachisi kanalipobe, tsopano kali ndi matailosi ndi denga latsopano, pakati pa malo omwetsera mafuta ndi munda wa kanjedza.

"Tiime pang'ono," anatero Boon Leong. "Monga ankachitira amayi."

Anatuluka mwapang'onopang'ono, akupuma movutikira, atanyamula kaphukusi ka mpunga. Yoke Lan anam'tsatira, akudziuza kuti akangoyatsa lubani amuuza, ayi, akamaliza kugwada, ayi, kunyanja. Koma mlongo wakeyo sanayatse lubani, sanagwade. Anadutsa kakachisiko osakayang'ana n'komwe, anaima pamene simenti yathera, nkhope ili kumitengo.

"Achemwali," anatero osatembenuka, "achimwene anali aatali? Ine nkhope sindinaione. Ndinangoona dzanja likutuluka m'masamba."

Malole ankadutsa kumbuyo kwawo. Yoke Lan anayang'ana khosi la mlongo wake, lopyapyala, la imvi, likudikira yankho, ndipo sanathe kudziwa ngati munthuyu wafunsa zokhazo zimene wafunsa, kapena nayenso anamva zonse pachipata m'mawa uja, ali m'manja mwa bambo, makutu ali otsegula.