Mpata wa Eya

Anthu oyimba awiriawiri amagawana ntchito ngati ocheka matabwa, wina akakoka wina amabweza. Mabingu ankayambitsa nyimbo ndi gitala lake, mlongo wake wamng'ono n'kumavomera. Anayamba kalekale, Mabingu asanamere ndevu, ndipo dzina lenileni la mlongoyo linatayika panjira. M'mahotela, m'maukwati, ngakhale kunyumba, onse ankangomuti Eya, chifukwa nyimbo za mchimwene wake zinali ndi mipata pamene iye ankaponyapo mawu amenewo. Mabingu ankamuseka kuti, "Akulu anati ukayipa dziwa nyimbo. Iwe unayipa, n'kudziwa liwu limodzi lokha." Eya ankabweza kuti kukongola kwa achimwene kunathera pakhosi, ndipo sankanama.

Pakhosi pomwepo ndi pamene panayambira vuto. Mawu a Mabingu aja amene ankanjenjemeretsa matambula patebulo anayamba kusasa. Poyamba anati ndi chimfine. Kenako ananamizira fumbi la m'nyumba imene ankachita lendi kuseri kwa malo omatira matayala. Atapita kuchipatala, dokotala anamuunika kukhosi ndi kanyali. Anati muli chotupa, chiyenera kuchotsedwa msanga, ndipo pochoka chidzatenga mawu. Moyo udzatsala, koma kuyimba ayi, ngakhale kuyankhula kumene.

Chakudza sichiyimba ng'oma. Zaka zonsezo awiriwa anali asanalowepo mu situdiyo. Chimene chinalipo ndi timavidiyo ta m'mafoni a anthu oledzera, momveka mafoloko ndi phwete kuposa nyimbo. Eya ankaopa chinthu chimodzi, ndipo mantha ake ankamulanda chilakolako cha chakudya: kuti mpeni wa dokotala ufika mawu a achimwene ake asanasungidwe paliponse.

Ndiye wailesi inalengeza kuti bungwe la boma lothandiza aluso likupereka thandizo kwa oyimba: situdiyo yaulere, wojambula, ndi zina zokwezera luso. Anapita onse awiri. Ofesiyo inali m'nyumba yosanja, kumapeto kwa khonde lalitali lonunkha polishi. Oyimba anali atandandalika pamipando yachitsulo, atafungatira magitala awo ngati amayi ku sikelo ya ana. Aliyense ankayang'ana nsapato za mnzake, palibe ankayimba ngakhale kamluzu.

Woyang'anira thandizolo anali bambo wa suti yotuwa amene sankasiya kumwetulira. Mabingu atangomuona ananong'oneza mlongo wake kuti, "Awa ndi a Mano." Dzinalo linawakhala. Munthu womwetulira nthawi zonse ndi woopsa kuposa waukali, chifukwa waukali umadziwa tsiku lomuzemba.

"Thandizo ili ndi la woyimba payekha," anatero a Mano. "Mwa awirinu, wapempha ndani?"

"Ndine, bwana," anatero Mabingu. "Uyu amangovomera."

"Kuvomera ndi kuyimbanso. Magulu ali ndi khomo lawo, limatsegulidwa chaka chamawa."

Eya anayang'ana khosi la achimwene ake. Chaka chamawa chinali kutali kwambiri.

"Mayi akhoza kukhala kumbuyo uko," anapitiriza a Mano, "koma pakamwa atseke. Oweruza akufuna kumva munthu mmodzi."

M'chipinda choyesera munali tebulo lalitali, oweruza atatu ndi mabotolo a madzi osatsegula. Eya anakhala pafupi ndi chitseko, chikwama cha gitala chili pamiyendo. Mabingu anasankha nyimbo yawo yakale ya munthu wopita kukafuna ntchito kutali. Zala zake zinali zidakali zanzeru. Anatsegula pakamwa, mawu n'kutuluka ophwanyika m'mbali koma ozama.

"Ndikachoka, mlongo wanga, udzasunga malo anga?"

Ndipo anasiya mpata. Sanachite dala. Dzanja lake linazolowera kudikira pamenepo, monga phazi limadziwira pamene pali sitepe m'nyumba ya kwanu. Gitala linkangoyenda, mpatawo uli yasa. Woweruza wina anakweza nsidze. Eya analuma mlomo, anafinya chikwama chija, anawerenga matailosi apansi. Mabingu anabwereza funsolo, ulendo uno mawu anathyokera pakati, n'kusanduka mpweya wokhawokha.

"Eya, eya!"

Zinangotuluka zokha, zoyera, zodzaza chipinda chonse. Oweruza onse anatembenuka. A Mano anali ataima pakona, ndipo sanatembenuke chifukwa anali akumuyang'ana kale.

Pakhonde paja a Mano anawapeza akutsika masitepe. Anati oweruza adandaula kuti bambo Mabingu alibe mawu oti boma n'kuikapo thandizo, popeza thandizoli ndi lokweza anthu amene ali ndi tsogolo. Ananena zimenezi akumwetulira, mwini wake ali pomwepo. Kenako anatembenukira kwa Eya.

"Koma mawu amene tinawamva kuchokera kumbuyo aja atisangalatsa. Malo alipo, mayi. Nokha."

"Ine sindiyimba ndekha, bwana."

"Kaganizeni. Ndaona kuti simuchedwa kuvomera."

Ali mumsewu, pakati pa mahutala a magalimoto, Mabingu anamugwira pamkono. Eya ankalira ndi manyazi, akuti wawaphera mwayi achimwene ake.

"Pukuta misozi, ukuyipiratu," anatero Mabingu monong'ona, chifukwa mawu a tsikulo anali atatha. "Bwerera ukavomere. Situdiyo ilibe maso. Ine ndizilowa ngati wokunyamulira gitala."

"Nanga akadziwa?"

"Akadzadziwa nyimbo zili kale m'makina. Adzachita kuzisanza?"

Situdiyo ya bungwelo inali pansi pa nyumba yomweyo, kopanda mawindo. Mlonda wapakhomo ankasunga mafoni onse m'kabati. Mkati munali zipinda ziwiri zolekanitsidwa ndi galasi lochindikala: china cha makina, china cha woyimba, chomatidwa masiponji akuda m'makoma. Ukatseka chitseko unkamva mtima wako ukugunda. Wojambula anali bambo wadazi amene ankayankhula akuyang'ana mabatani, osati anthu. Tsiku loyamba, ataona wonyamula gitala akuvala mahedifoni, anapumira m'mwamba.

"Ine sindinaone kanthu," anatero. "Koma dziwani kuti makina awa si anga. Ndili ndi ana kusukulu."

Masiku amenewo Mabingu anayimba ngati munthu wokolola mvula ili m'mwamba. Ankamwa madzi ofunda, n'kuyimba mzere umodzi, n'kutsokomola, n'kubwerezanso. Nthawi zina ankalavulira m'kansalu n'kukabisa msanga m'thumba, ngati kuti mlongo wake alibe maso. Koma zimene zinkalowa m'makina zinali zabwino kuposa za m'mahotela zonse. Kusasa kuja kunapatsa nyimbo kulemera kwina. Wojambula yemwe, amene sankatamanda munthu, tsiku lina anavula magalasi n'kuwapukuta nthawi yaitali.

Atamaliza nyimbo yotsiriza, Eya anatulutsa fulashi m'chikwama chake.

"Tikopereniko, bambo. Ngakhale imodzi yokha."

Wojambula anamuonetsa kumbuyo kwa kompyuta. Mabowo onse anali omatidwa ndi guluu, pamwamba pake pali chidindo cha bungwe.

"Palibe chimatuluka muno a ofesi asanamve n'kuvomereza. Akavomereza, mudzatenga zonse."

Eya anafuna kulimbikira, koma Mabingu anamukoka. "Usavute anthu otithandiza," anatero. Amenewo anali ena mwa mawu omaliza amene Eya anawamva kuchokera pakamwa pa achimwene ake.

Opaleshoni inayenda bwino, monga amanenera madokotala. Mabingu anabwerera kunyumba ndi bandeji pakhosi, wowonda, akuyankhula ndi manja ndi nsidze. Ankakhala pampando wapakhomo kuonerera omata matayala. Eya akamachoka, iye ankagogoda khutu lake ndi chala kawiri, kenako n'kuloza mlongo wakeyo. Tanthauzo lake linali losavuta: ukabwere nazo nyimbo zija, ndidzadzimve.

Uthenga woti a ofesi akufuna kumva ntchitoyo unafika m'mawa wina kukutentha. Eya anapeza a Mano atakhala kale pampando wa wojambula, mwini mpando ataima pambali ngati mlendo. A Mano anamupatsa moni wansangala, anafunsa za odwala kunyumba. Eya anadabwa, chifukwa za kudwalako sanawauzepo.

"Ndamvetsera zonse," anatero a Mano. "Ntchito yokongola. Koma makutu angawa akukalamba, mayi. Ndikumva ngati anthu awiri."

"Ndi achimwene anga, bwana. Sindingakunamizeni. Mawu awo anathera m'makinamo, kwina kulibe. Ngati ndalakwa, thandizolo mundilande, dzina langa mulichotse, koma nyimbozo zisiyeni mmene zilili."

"Kulanda? Ife sitilanda, timathandiza." Anaseka pang'ono. "Vuto ndi loti boma linathandiza munthu mmodzi, ndipo akuluakulu akadzamva awiri adzafunsa ine. Koma musade nkhawa. Ntchito ndi yanu. Lamulo lathu limati palibe chingachotsedwe mwini wake asanavomere ndi pakamwa pake."

"Ndiye sindikuvomera."

"Chabwino, chabwino. Nkhaniyo tiisiye." Anatambasula manja ngati munthu wogonja. "Poti mwabwera kale, tikonzeko kamodzi. M'nyimbo ya wapaulendo ija muli pamene mawu anu anazimirira. Lowani mubwereze, timalize."

Mtima wa Eya unatsikako. Akanakhala wochenjera akanayang'ana wojambula, amene dazi lake linali litanyowa thukuta m'chipinda chozizira chotero. Koma munthu amene wangopulumuka sayang'ana nkhope za anthu. Analowa m'chipinda cha masiponji, anakoka chitseko cholemera chija, n'kuvala mahedifoni. Kuseri kwa galasi nyali yofiira inayaka.

Gitala linayamba. Kenako mawu aja, amene anali asanawamve chichokereni achimwene ake kuchipatala, analowa m'makutu mwake pafupi kwambiri, ndi kupuma kwake komwe. Eya anatsinzina. Misozi inatsika yokha.

"Ndikachoka, mlongo wanga, udzasunga malo anga?"

Funsolo lisanathe, panamveka kuthetheka kwa batani, ndipo mawu ena ofewa anakwera pamwamba pake, mofulumira, ngati munthu wolowetsa phazi chitseko chikutsekeka.

"Tichotse mawu a bamboyu, mayi?"

Mpata unafika. Khosi la Eya silinadikire mutu wake, monga silinadikirepo chiyambire ali mtsikana.

"Eya, eya!"

Nyimbo inaima. Anatsegula maso. Kuseri kwa galasi a Mano ankagwedeza mutu mokhutira, chala chili pa batani loyankhulira.

"Zikomo, mayi. Zajambulidwa."

Eya anaponya mahedifoni pansi. Anakuwa kuti ayi, amavomera nyimbo, amavomera achimwene ake, koma chipinda chija anachimanga kuti mawu asatuluke. Anaona a Mano akugwira phewa la wojambula. Anaona dzanja la wojambula likutsikira pa makina. Pa kompyuta panali mizere iwiri ya mawu, wobiriwira wa iye ndi wachikasu wa achimwene ake. Pamene ankalimbana ndi chitseko cholemeracho, wachikasu unazimiririka nyimbo ndi nyimbo. Atatulukira, panali patatsala wobiriwira wokha, tizidutswa tating'ono totalikirana.

"Bwezani! Bambo, chonde, bwezani!"

Wojambula ankayang'ana mabatani. "Andiuza ndichotseretu," anatero motsitsa. "Mulibenso."

"Mizere ya bamboyu mudzayimba nokha sabata yamawa," anatero a Mano akukonza tayi. "Mudzatithokoza, mayi. Mwakhala kumbuyo kwa munthu nthawi yaitali."

Mlonda anamubwezera foni yake n'kumufunira ulendo wabwino. Kunja dzuwa linali likuswa mtengo, anthu akugula ndi kugulitsa ngati palibe chachitika. Eya anayenda wapansi njira yonse, osati posowa ya basi, koma kuti asafike msanga. Anayesa kuyimba chamumtima mizere ya achimwene ake, n'kupeza kuti mawu ake akuwadziwa onse, koma sadziwa poyambira. Moyo wake wonse anali asanayambitsepo nyimbo.

Anakhota pa malo omatira matayala. Mabingu anali pampando wake wapakhomo, atavala shati yoyera imene ankayimbira m'maukwati. Pambali pake anali ataika kawailesi kawo kakale, atakapukuta fumbi, chingwe chake chitalumikizidwa kale kudzera pawindo. Atamuona mlongo wake anaimirira, nkhope yonse ikuwala. Anagogoda khutu lake kawiri, analoza chikwama cha Eya, n'kukweza nsidze.

Kenako anadikira, mutu ataupendeketsa pang'ono, monga ankachitira nthawi zonse akasiya mpata. Omata matayala ankagogoda zitsulo zawo kuseri. Eya anaima pamaso pa achimwene ake, pakamwa pali potsegula, ndipo mpatawo unangokhala choncho.