Mchere Wapita

Christabel Zulu, wochokera ku Chipata, ankasamalira nkhalamba ina ya Chiyuda ku North York, kutsidya kwa nyanja. Dzina lawo linali a Michael Pinsker, a zaka 88, ndipo chiwagwireni sitiroko sankakonda kuyankhula. Mwana wawo Jennifer ankafuna kulemba mbiri ya banja, koma ankangodziwa kuti agogo ake a Leib anachoka ku Lithuania mu 1929 n'kukatsegula sitolo m'tauni ina ya ku Africa.

M'mawa wina Christabel anapunthwa pa kapeti n'kutaya tiyi, ndipo anadandaula m'Chinyanja kuti kalanga ine.

"Mukuthamangira kuti, amayi?" anafunsa a Pinsker ali pampando wawo.

Christabel anatsala pang'ono kuponya kapu. Atawafunsa kumene anaphunzira chiyankhulocho, iwo anayankha kuti anabadwira ku Fort Jameson, dzina lakale la Chipata, ndipo anakula akusewera mpira wansanza kuseri kwa sitolo. Christabel anavina m'khitchinimo atanyamula kolopa. Kenako anaimbira Jennifer kuti asiye zonse, akwere sitima ya pansi pa nthaka, abwere ndi kope.

Tsiku limenelo nkhalambayo inayankhula mpaka masana, koma m'Chinyanja chokha. Jennifer akafunsa m'Chingerezi, bambo ake ankayankha Christabel, iye n'kumamasulira akupukuta misozi ya kuseka. A Pinsker anafotokoza kuti a Leib anafika ndi sutikesi imodzi ndi zoikapo makandulo za mayi awo. Loweruka ankatseka sitolo, moti anthu ankaganiza kuti ndi a Sabata. Njinga anaiphunzira atakula kale, ndipo tsiku lina anagwera nayo mumtsinje wa Lunkhwakwa atamangirira thumba la mchere. Anavuuka ali chinyowere n'kuuza amayi ochapa zovala mawu awiri okha amene anakwanitsa: "Mchere wapita." Kuyambira pamenepo limenelo linakhala dzina lawo.

Christabel anasiya kumasulira. Kwawo munthu akagwa panjinga amanena mawu omwewo, ndipo iye anali asanafunsepo chifukwa chake. Anaimbira bambo ake ku Chipata pa vidiyo.

"Atate, mawu aja akuti mchere wapita anachokera kuti?"

"Kwa mzungu wa sitolo ya pakona. Agogo ako ankasoka zovala pakhonde pake."

A Pinsker analanda foniyo ndi dzanja lawo lamphamvu n'kufunsa ngati telalayo anali a Yohane, amene anawasokera kabudula wofika m'maondo. Analidi iwo. Nkhalamba ziwirizo zinayamba kukuwa nthawi imodzi, aliyense osamva mnzake, kwinaku zikutsutsana za mtundu wa chitseko cha sitoloyo.

Jennifer anadzaza masamba khumi ndi awiri. Madzulo, bambo ake atagona pampando, anapempha Christabel kuti amuphunzitse kupereka moni kwa akuluakulu, chifukwa Lachinayi a Zulu, bambo a Christabel, adzaimba ndipo iye ankafuna kuwalonjera yekha.