Mtovu m'Dothi Loyera

Maliya sanawakhulupirire makinawo poyamba. Anatsuka mabotolo onse, natapanso dothi m'thumba lomwe lija, kulipera, kulisefa, n'kulisungunula mu asidi. Atapopera madziwo m'lawi la makina oyezera zitsulo, manambala anakweranso chimodzimodzi.

"A Norah, tabwerani mudzaone kuno," anaitana mnzake amene ankagwira naye ntchito yoyeza miyala ndi dothi m'tauni ya Zomba.

Norah anawerama, navula magalasi. "Mtovu wonsewu? Lachokera ku mgodi uti dothi limeneli?"

"Si la ku mgodi. Anabwera nalo ndi achimwene anga, a Stambuli. Amakumba m'munsi mwa phiri, kumtunda kwa Chinamwali. Amafuna adziwe ngati ndi dothi loumbira makapu, mwina angapeze msika wabwinoko."

"Nanga panopa amagulitsa kwa yani?"

"Kwa amayi a mumsika. Iwowo amaliwotcha, kulidula timibulu, n'kumagulitsa kwa azimayi oyembekezera."

"Lodya?"

"Lodya."

"Ndiye mwaimiranji? Thamangani, abwana ndiwauza ine."

Mtovu ndi chitsulo chofewa, cholemera, chija chimakhala m'mabatire a galimoto. M'dothi suoneka, sununkha, ndipo lilime siliumva. Ukalowa m'magazi a mayi umafika mpaka kwa mwana ali m'mimba. Ungachotse pakati, kapena mwana n'kubadwa ubongo utawonongeka kale.

Foni ya Stambuli inali yozimitsa. Maliya anakwera kabaza, ndipo njira yonse maganizo ake anali pa mlamu wake Safina, mkazi wa Stambuli. Safina anali atapita padera kawiri. Ulendo watha Maliya atakawaona, mlamuyo anathawa m'khitchini atamva fungo la matemba okazinga, n'kukaima kuseri kwa nyumba akulavula. Maliya sanafunse. Pakati pa miyezi yoyamba safunsana, mwini wake amanena yekha nthawi ikakwana.

Anapeza Stambuli akumanga matumba awiri panjinga. Safina anali pakhonde, akusankha nyemba mulichero.

"Achemwali, mwabwera masana ano?" anatero Stambuli akuseka. "Ndiye kuti nkhani ndi yabwino. Ndiyambe kufunsa mitengo ya galimoto?"

"Masulani matumbawo, achimwene."

"Iii, osayamba ndi moni?"

"Moni ndikupatsani. Masulani kaye. Dothi lanu lili ndi mtovu wambiri zedi. Ndi poizoni."

Stambuli anasiya chingwe chili m'manja. "Poizoni m'dothi? Mayi athu ankadya dothi ali ndi pakati panu. Onani mmene munatulukira, mpaka sukulu munamaliza."

"Ankadya la pachulu kumudzi. Pamene mumakumba inupo, kale panali chiyani?"

"Galaja. Anyamata ankaswerapo mabatire, n'kumasungunula tizitsulo tolemeretsa maukonde a ku Chilwa. Koma zimenezo n'zakale. Pano pamera bulugama, ndipo ine ndimakumba pansi, poyera."

"Mtovu suwola, achimwene. Mvula imautsitsira pansi, ndipo dothi ngati lanuli ndi limene limaugwira."

Maliya anatulutsa timabotolo tiwiri m'chikwama. M'kamodzi munali madzi osungunuliramo dothi la Stambuli, m'kena munali a dothi labwino. Anadonthezera mankhwala m'tonse tiwiri. Ka dothi labwino sikanasinthe. Ka Stambuli kanachita chikasu, ngati wina wathiramo dzira.

Stambuli anakayang'ana, kenako anapukusa mutu. "Mabotolo ndi anu, mankhwala ndi anu, chikasu n'chanu. Ine ndaonapo chiyani? Kodi pali amene wagwa n'kufa mumsika muja?"

"Sagwa pompo. Zimapita kwa mwana."

"Amayi aja akundidikira. Ndikapanda kupita lero, mawa aitana wina, ine ndidzadya mabotolo anuwo."

Anakokanso chingwe. Pakhonde paja nyemba zinali zitasiya kulira mulichero. Maliya anatembenuka, naona mlamu wake atagwira mfundo ya pansonga ya chitenje. Mfundoyo inali yotupa, ndipo nsalu yake inali itayera ngati yagwera mu ufa.

"Pakhomo pano alipo amene amadya?" anafunsa Maliya, maso ali pa mchimwene wake.

"Adye ndani? Muli woyembekezera muno?"

Choncho Stambuli sankadziwa. Maliya akananena zimene ankaganiza, Stambuli akanamasula matumba nthawi yomweyo. Koma nkhaniyo sinali yake, ndipo mwini wake anali ataikhalira chete pa zifukwa zimene aliyense pakhomopo ankazidziwa.

"Alamu, tandipatseniko madzi akumwa," anatero.

Anatsatira Safina m'nyumba, natseka chitseko.

"Mwayamba liti?" anafunsa motsitsa mawu.

"Kuyamba chiyani, alamu?"

"Chili pachitenjepo."

Safina anakhala pampando, manja ali pamimba. "Mwezi uno ndi wachitatu. Sindinawauze. Ulendo uja anauza aliyense, mpaka anzawo a kumzikiti, kenako tinabwera kuchokera kuchipatala manja okha. Anthu ankandiyang'ana ngati ndataya chinthu chawo. Ndinati ulendo uno aone okha ikakula."

"Mumadya lochuluka bwanji?"

"Ndikadzuka. Ndikamaliza kudya. Ndi chokhacho chimaletsa nseru." Anakweza maso. "Kawiri kaja ndinkadyanso lomweli. Kodi ndi limene linachititsa?"

"Sindikudziwa," anayankha Maliya. "Pakati pamachoka pa zifukwa zambiri. Ndikanena kuti inde ndiye kuti ndanama, ndikanena kuti ayi ndanamanso. Chimene ndayeza ine ndi dothi. Magazi anu ayeze a chipatala, lero lomwe."

"Ndiye kuti uyunso wapita?"

"Sindinatero. Mukasiya tsopano, mwamuchotsera katundu wamkulu."

Panja anamva njinga ikugubuduzidwa, matumba akukhula pamatayala.

"Akupita," anatero Maliya. "Ine sandimvera. Ndingathe kukauza a zaumoyo, koma pofika iwo, matumba awo akhala atagawidwa. Sindinena za inu popanda chilolezo chanu."

Belu la njinga linalira pachipata. Safina anadzuka, natsekula chitseko.

"Abambo!"

Stambuli anaima, mwendo umodzi uli kale papedulo. "N'chiyaninso? Mwagwirizana chiyani m'nyumbamo?"

Safina anamasula mfundo ija. Timibulu toyera, tina tolumidwa, tinagwera pakhonde.

"Mwafunsa ngati muli woyembekezera muno," anatero. "Alimo."

Stambuli anayang'ana timibuluto, nayang'ana mkazi wake. Njinga inapendekeka, ndipo sanaigwire. Inagwa, thumba limodzi n'kuphulika, fumbi loyera kuti bu pabwalo ponse.

"Lowani m'nyumba, alamu, tsekani pakamwa ndi mphuno!" anakuwa Maliya. "Achimwene, musasese. Thirani madzi."

Stambuli anathamangira ndowa. Anathira mpaka fumbi linasanduka matope.

"Mumatenga m'matumba angawa?" Stambuli anafunsa mkazi wake, ataima pakhomo. "Nthawi zonsezi? Ndimakusenzerani ndekha?"

"Zofunsana mufunsana madzulo," anatero Maliya. "Mumsika mwatsala lochuluka bwanji?"

"Ndinasiyako matumba atatu. Mwina aliwotcha kale."

"Pitani mukatenge lonse, lowotcha ndi losawotcha lomwe. Muwafunse amayiwo za anthu amene amagula kawirikawiri, awauze asiye ndipo apite kuchipatala."

"Akandigenda."

"Mwina."

Stambuli anadula zingwe, nadzutsa njinga yopanda katundu. Asanakwere anayang'ana pawindo pamene panaima Safina, kenako anapalasa kutsika ndi msewu.

Maliya anaimitsa makabaza awiri. Safina anatuluka atasamba m'manja ndi m'kamwa, atavala mpango wina.

"Akandiuza lero lomwe?" anafunsa akukwera.

"Mwina magaziwo atumiza kwina, tidikira. Ndikhala nanu pamzere."

Safina anagwira chitsulo cha mpando ndi dzanja limodzi. "Achimwene," anauza wakabaza, "muziyenda pang'onopang'ono pamabampu."